Inshuwalansi ya pa shedi: poyambira pake ndi pati kwa ife amisiri

Amisiri ambiri kuno ku Mzuzu inshuwalansi timangoidziwira pa galasi la galimoto, kaja kapepala kamene a traffic amayang'ana akakuimika pa msewu. Koma tazungulirani ku Luwinga, ku Chibavi, ku Zolozolo kaya ku Mchengautuwa muone zimene zimagona m'mashedi mwathu: mashini owotcherera, magilayinda, kompuresa, mashini opalira matabwa, paini wa ku Chikangawa ataunjikidwa mpaka kudenga, masofa a eni ake akudikira nsalu, galimoto za makasitomala injini zili pansi. Zonsezo zili mu shedi ya malata kapena ya zigwagwa, loko mmodzi, mlonda wosonkherana anthu asanu. Library ya ku Mzuni inapsa mu Disembala 2015, nyumba ya njerwa ya pa yunivesite, nde shedi yanu yodzadza utuchi ndi thinner ili ndi chiyani choti moto uiope?

Izi ndalembera akalipentala, owotcherera, amakaniko, a masofa, okonza mafiriji ndi mafoni, matelala, aliyense amene ali ndi kamalo kake ndi anyamata awiri atatu. Chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: kampani ya inshuwalansi imalipira zimene munalembetsa ndi zimene munawauza pachiyambi. Chimene chapsa koma sichinalembedwe ndi chanu chomwe. Ndiye ntchito yambiri ili panopa, kusanachitike kanthu.

Choyamba, kope ndi foni, musanaponde ofesi ya aliyense

Gulani kope la chikuto cholimba, mutseke shedi masana amodzi, muyambe kulemba chilichonse. Mashini aliyense dzina lake, mtundu wake, serial number yake imene imakhala pa kachitsulo kambali, chaka chimene munagula ndi komwe munagula. Kenako zida zing'onozing'ono, masipanala, ma clamp, ma drill bit, ma jack, izi muziika m'magulu chifukwa simungalembe chimodzichimodzi koma mukaphatikiza mudzadabwa kuti ndi ndalama zambiri kuposa mashini ena. Mukatha jambulani zonse, chithunzi cha mashini onse ndi china cha serial number, komanso kavidiyo koyenda kuchokera pakhomo mpaka kuseri.

Kopelo lisagone pa shedi. Likapsera limodzi ndi katundu ndiye mwalembera ndani? Lizikhala kunyumba, ndipo zithunzi zija dzitumizireni pa email kapena tumizani pa WhatsApp ya madam kapena m'bale wanu wodalirika, poti foni nayonso imabedwa.

Malisiti ndi vuto, ndikudziwa. Zida zathu zambiri ndi za second hand, zina tinagula kwa mnzathu amene anatseka bizinesi, zina zinachokera ku Mbeya kapena ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Ngati muli ndi pepala la MRA lomwe munalipirira pa boda, lisungeni, ndi umboni wabwino kwambiri. Ngati palibe chilichonse pitani ku hardware mukapemphe quotation ya mashini ofanana nawo, ikhale ndi chidindo ndi deti.

Mu kope momwemo patulani zinthu zitatu: zida zanu, katundu wogwiritsa ntchito monga matabwa, zitsulo, penti ndi nsalu, ndiye katundu wa makasitomala. Osasakaniza, chifukwa kwa a inshuwalansi izi ndi nkhani zitatu zosiyana. Pa matabwa ndi zitsulo lembani mlingo wa nthawi imene shedi imadzadza kwambiri, monga mukalandira oda ya madesiki a sukulu, osati wa mu Januwale pamene mwatsala ndi matabwa khumi.

Funso lina loti muliyankhe pano: nyumbayo ndi ya ndani? Ngati mukuchita lendi, khoma ndi denga ndi nkhani ya alandilodi, inu zanu ndi zamkati ndi zimene munaonjezera nokha monga mawaya a magetsi, ma burglar bar ndi mashelefu. Koma dziwani kuti moto ukayambira pa kuwotcherera kwanu, alandilodi, kapena kampani yawo ya inshuwalansi ikatha kuwalipira, ikhoza kubwera kwa inu kudzafuna ndalama zake. Tibwereranso pamenepa.

Chachiwiri, mitengo ikhale ya lero

Apa ndi pamene amisiri ambiri amadzipweteka okha. Munthu amaganiza kuti ndikalemba mtengo wotsika premium, ndalama imene umalipira ku kampani, itsika, ndipo zoona imatsikadi. Koma mu policy, pangano lija la inshuwalansi, ya moto ndi ya kuba mumakhala kachiganizo kotchedwa average, ndipo kamagwira ntchito chonchi. Tinene kuti katundu wanu yense ndi wa K20,000,000 koma inu mwalembetsa K10,000,000. Moto wabuka, anthu athandiza kuzimitsa, zapsa ndi za K6,000,000 zokha. Inu mumvekere palibe vuto, 6 ndi yochepa kwa 10, andipatsa yonse. Ayi ndithu. Assessor, munthu amene kampani imatuma kudzaona zowonongeka, abwera, awerengera katundu yense, aona kuti munalembetsa theka, nde akupatsani theka la zimene zapsa, K3,000,000, kenako achotseponso excess, ndalama imene mumasenza nokha pa ngozi iliyonse. Zili ngati ku banki m'khonde, wasonkha theka usayembekeze kugawana mofanana ndi anzako.

Ndipo kuno kwathu munthu umatha kugwa mu average osadziwa n'komwe, chifukwa cha kwacha. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo mashini athu pafupifupi onse ndi ochokera kunja. Mashini amene munagula mu 2021 mtengo wake wa pa lisiti lero sungagule olo theka lake. Ndiye musakopere za pa lisiti lakale, funsani mtengo wa lero.

Mufunsenso kuti policy ikulipira mtengo wa chatsopano kapena wa chinthu chakutha mmene chinalili. Yoyambayo amati reinstatement, imadulirapo pang'ono koma imakubwezerani pa ntchito. Inayo amachotsera zaka zimene mashini agwira, ndiye kompuresa ya zaka 8 akhoza kukupatsani ndalama yosakwana kugulira ina. Ine ndikanakhala inu pa mashini awiri atatu amene bizinesi imaima akapanda kukhalapo ndikanasankha ya chatsopano.

Chachitatu, sankhani zoti muteteze, ndipo muyambe ndi anthu

Ambiri akamva inshuwalansi ya shedi amathamangira mashini. Ine ndimati yambani ndi anyamata anu, chifukwa mashini ali ndi mtengo wodziwika, akapsa mwataya zomwezo, koma dzanja la munthu ngongole yake ikhoza kuposa shedi yonse.

Lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000 limati wantchito akavulala pa ntchito, olemba ntchito ndi amene alipire chipukuta misozi, ndipo silifunsa kuti bizinesi yanu ndi yaikulu bwanji. Olo mnyamata amene mukumuphunzitsa ntchito, lamulo limamuwerenga. Munthu akalumala moti sangagwirenso ntchito, chipukuta misozi ndi malipiro ake a miyezi 54. Akamwalira, abale ake amalandira a miyezi 42. Werengerani nokha: mnyamata wa K150,000 pa mwezi, miyezi 54 ndi K8,100,000, miyezi 42 ndi K6,300,000. Akaduka zala kapena diso likawonongeka, adokotala amalemba maperesenti a kulumala kwake ndipo ndalama imawerengedwa kuchokera pamenepo. Nde taganizani disiki ya gilayinda ikamasweka mmene imaulukira, kapena circular saw yopanda chotchingira, kapena galimoto yokwezedwa pa jack ndi njerwa mnyamata ali pansi. Makampani amagulitsa policy ya workers' compensation, ndipo premium amawerengera pa malipiro a chaka a antchito anu ndi mtundu wa ntchito. Ndiye muyenera kukhala ndi kabuku ka malipiro, mayina ndi ndalama, aliyense azisayina akalandira. Mukabisa anthu ena kuti premium itsike, tsiku lovulala adzavulala yemwe munamubisayo.

Inu eni ake nthawi zambiri policy imeneyi sikukhudzani, chifukwa si inu wantchito. Yanu ndi personal accident, yokulipirani inuyo mukavulala pa ngozi, ndipo mmisiri amene banja lonse limadya za m'manja mwake ayenera kuifunsa mtengo.

Kenako moto. Policy ya moto payokha imateteza moto, mphenzi ndi kuphulika kwina, koma mukhoza kuonjezera mphepo, mvula ndi madzi osefukira, zimene kuno ku Mzuzu si zosankha. Amene analipo mu Epulo 2016 akukumbukira mmene mvula inagwetsera nyumba m'makomboni. Ngati shedi yanu ili kudambo, funsani za madzi osefukira mwachindunji, ndipo ngati ili pamtsetse ngati ku Masasa funsani za kugumuka kwa nthaka, chifukwa kawirikawiri kumeneko sikukhalamo pokhapokha mutapempha. Funsaninso za zipolowe. Ma demo a 2019 anatiphunzitsa kuti shopu imatha kuphwanyidwa masanasana, ndipo ma policy ambiri amasiyanitsa zipolowe wamba ndi za ndale, zandalezo amazigulitsa padera. Alozereni chala pa pepala akuuzeni kuti apa zikutanthauza ziti.

China chimene anthu sadziwa: magetsi akazima n'kubwera ndi mphamvu, mota ya mashini n'kupsa mkati, umenewo kwa a inshuwalansi si moto ayi. Imeneyo ndi machinery breakdown, policy ina. Ndipo kutha kwa mashini chifukwa cha ukalamba palibe amene amalipira.

Ya kuba, amati burglary, ili ndi msampha wake. Imalipira ngati akuba athyola, pakhale loko wodulidwa, khoma lobooledwa, lata lokanganulidwa. Mukadzuka m'mawa n'kupeza loko ali bwinobwino koma welding machine palibe, ndiye kuti wina anali ndi kiyi, ndipo claim imeneyo, pempho lanu loti akulipireni, ivuta. Kuba kwa wantchito wanu kuli ndi policy yakeyake, fidelity guarantee. Mageti, mafelemu ndi mabedi amene timayala m'mbali mwa msewu kuti anthu aziona, akagona panja nthawi zambiri sawerengedwa. Zida zimene mumanyamula kupita nazo ku site, kaya mukukamanga denga ku Katoto kaya kukaika mageti ku Ekwendeni, zikangotuluka pa shedi policy ya burglary yathera pakhomo pomwepo, zimafuna all risks yolemba chida chilichonse ndi serial number yake. Ndalama za mu drawer nazo ndi padera.

Tsopano katundu wa eni ake, nkhani imene imathetsa maubale. Firiji ya kasitomala, sofa ya amayi a ku Chiputula, mafoni makumi atatu odikira screen, nsalu za ukwati wa Loweruka. Zikapsa kapena kubedwa mwini wake sadzamva zoti inunso mwaluza. Uzani kampani kuti mumasunga katundu wa makasitomala, alembe pa policy ngati goods held in trust ndi mtengo wake. Ndipo khalani ndi buku lolandirira katundu: deti, dzina, chinthu, mmene chabwerera, siginecha. Amakaniko inu yanu ndi motor trade, ndipo ili pawiri, ya galimoto zikakhala mu galaja ndi ya pamsewu mukamakayesa. Musamadalire kuti galimoto ya kasitomala ili ndi inshuwalansi yake, chifukwa mnyamata wanu akakagunda minibasi pa roundabout ya Katoto akuyesa mabuleki mlandu ndi wanu. Woyesa galimoto akhale ndi laisensi, popanda imeneyo palibe policy imene ingakuthandizeni.

Public liability ndi ya anthu ena amene si antchito anu: mwana wodutsa wathetheredwa ndi moto wa welding m'maso, kasitomala wapunthwa pa chingwe cha magetsi, moto wanu walowa mu shopu ya neba. Mashedi athu ndi ogundizana, moto sufunsa malire. Ngati mukuchita lendi funsani ngati ikuphatikiza nyumba ya alandilodi ija, chifukwa nthawi zambiri nyumba imene mukukhalamo imafuna kuonjezera mwapadera. Funsaninso ngati ikugwira mukamagwira ntchito kunyumba kwa kasitomala, makamaka inu owotcherera.

Zina ndingodutsamo. Pickup ya bizinesi third party ndi lamulo, koma muwauze kuti imanyamula katundu wa bizinesi, musailembetse ngati yoyendera kutchalitchi. Katundu ali pamsewu, goods in transit. Ndalama zimene mumataya shedi ikatsekedwa moto utachitika, business interruption, koma imeneyi imafuna mabuku a ndalama olongosoka, ndiye ngati mulibe isiyeni kaye.

Ndalama ikakhala yochepa, ndipo ndi yochepadi, ine ndondomeko yanga ndi iyi: antchito, moto pamodzi ndi katundu wa makasitomala, public liability, kenako kuba. Kuba ndakuika kumapeto chifukwa chitseko chachitsulo ndi mlonda wabwino zimachepetsa vutolo, ndipo akuba samatenga shedi yonse, moto umatenga.

Chachinayi, mapepala ndi koti mupite

Nyamulani chiphaso chaunzika, satifiketi ya bizinesi yochokera kwa Registrar General ngati munalembetsa, laisensi ya ku Mzuzu City Council, TPIN, nambala yanu ya msonkho ya ku MRA, pangano la lendi, kope lija ndi buku la malipiro. Si kampani iliyonse idzafune zonse, koma dzina la pa policy lifanane ndi la mwini katundu. Ngati bizinesi ndi ya anthu awiri, onse alembedwe.

Makampani a inshuwalansi ya katundu ndi monga NICO General, General Alliance, Britam, Reunion, United General Insurance, Prime ndi CIC, ndipo angapo ali ndi maofesi mtauni momwe muno. Old Mutual ndi NICO Life amadziwika ndi za moyo ndi penshoni, ndiye musakawafunse za kompuresa. Mukhoza kupita nokha ku kampani, kapena kudzera kwa agent kapena broker. Kusiyana kwake, agent amagulitsira kampani imene akuiimira, broker amaimira inuyo, amakafunsa mitengo m'makampani angapo ndipo malipiro ake ndi commission yochokera ku kampani. Kwa munthu woyamba kumene broker wabwino amathandiza, makamaka tsiku la claim. Onsewa ayenera kukhala ndi laisensi yochokera kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Pemphani kuiona, si mwano.

Tengani ma quotation osachepera atatu, ndipo onse muwapatse mndandanda umodzimodzi kuti muyerekeze zofanana. Osangoyang'ana pa premium. Yotchipa nthawi zambiri imakhala ndi excess yaikulu kapena yachotsa china chimene inu mumachifuna. Funsaninso ngati ali ndi policy yophatikiza zingapo pamodzi ya mabizinesi ang'onoang'ono, imachepetsa mapepala.

Chachisanu, fomu: nenani zoona olo zikhale zonyansa

Adzakupatsani proposal form. Mudzaze nokha kapena muwerenge mzere uliwonse musanasayine, osangosayina kuti agent akamalizitsa ku ofesi. Fomu imeneyi ndi maziko a pangano lonse, ndipo bodza limodzi lokhudza ngozi likhoza kupatsa kampani mpata wokana claim yonse.

Ngati shedi ndi ya zigwagwa nenani kuti ndi ya zigwagwa. Makampani amasiyanitsa nyumba ya njerwa ndi malata ndi ya matabwa kapena udzu, premium ikwera ndipo ena akhoza kukana, koma bola akane lero mukayese kwina kusiyana n'kudzakana moto utachitika. Ngati mumawotcherera, mumapopera penti, mumasunga ma cylinder a gasi, thinner, guluu kapena petulo wa jenereta, nenani. Ngati munaberedwapo kapena kupsa, nenani. Ngati mnyamata amagona momwemo ndipo amaphika pa mbaula usiku kukazizira mu Juni, nenaninso, kapena musiyitseni. Ngati magetsi munakoka kwa neba ndi waya wodutsa pa mpanda, konzani kaye musanapite, chifukwa zimenezo ndi mlandu kale pazokha ndipo assessor woyamba kufika adzaziona.

Akafuna kubwera kudzaona malo aloleni. Amatha kukuuzani zoti mukonze, ndipo malangizo amenewo ndi aulere.

Chachisanu ndi chimodzi, lipirani bwino, kenako werengani

Ndalama ipite ku akaunti ya kampani kapena ya broker wovomerezeka, mulandire lisiti la dzina la kampani. Osatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu chifukwa choti wavala tayi ndipo ali ndi mafomu. Ndipo musamadziwerengere kuti ndinu otetezedwa musanalipire ndi kulandira pepala. Ngati mwagwirizana zolipira pang'onopang'ono, zilembedwe, ndipo funsani chimene chimachitika mukaphonya mwezi.

Policy ikabwera imakhala mu Chingerezi cha maloya, koma malo ofunika ndi anayi. Schedule, tsamba limene lili ndi dzina lanu, malo a shedi, katundu, mitengo ndi madeti, onani ngati zonse zili zolondola. Excess, ndalama imene mumasenza nokha pa claim iliyonse, ina imakhala ndalama yokhazikika ina peresenti. Exclusions, zimene salipira. Ndiye ma warranty, ndipo apa ndi pamene muyenera kukhala pansi. Awa ndi malonjezo anu kwa kampani: kuti pakhala fire extinguisher yochitidwa service, kuti mazenera ali ndi ma burglar bar, kuti usiku pamakhala mlonda, kuti utuchi ndi nsanza za mafuta zimachotsedwa tsiku lililonse. Mwasayina kuti pali mlonda, patha miyezi itatu mwamuchotsa chifukwa bizinesi yavuta, akuba abwera, ndiye mwawapatsa a kampani chifukwa chokanira. Chimene simungakwanitse kanani pachiyambi, mukambirane.

Pamene simukumva pemphani akufotokozereni mu Chichewa kapena mu Chitumbuka, ndipo yankho lofunika likhale lolembedwa, olo pa email. Zapakamwa tsiku la claim aliyense amaiwala.

Chachisanu ndi chiwiri, zikachitika

Munthu akavulala, chipatala kaye, ku Mapale kapena ku Central, mapepala pambuyo. Kenako dziwitsani ofesi ya labour ndi kampani yanu ya inshuwalansi, sungani malisiti ndi lipoti la adokotala. Musapangane zakumbali ndi achibale kuti tingokupatsani kenakake nkhani ithe, chifukwa kampani siibweza ndalama imene mwalonjeza nokha iwo osadziwa, komanso nkhaniyo ikhoza kudzukanso ku labour.

Ukakhala moto itanani ozimitsa moto a khonsolo ndi apolisi, kukakhala kuba apolisi, ndipo mutenge police report. Imbirani kampani kapena broker tsiku lomwelo, kenako tumizani uthenga wolembedwa kuti pakhale deti, popeza policy iliyonse ili ndi masiku ake odziwitsira ndipo kuchedwa kokha kumatha kugwetsa claim. Jambulani zonse musanasunthe kanthu. Loko wodulidwa uja musataye, zitsulo zopsa musagulitse kwa a scrap, musayambe kukonza assessor asanafike, kupatula kutchinga malo kuti zotsala zisabedwe kapena kunyowa, zimenezo ndi udindo wanu ndipo malisiti ake sungani. Ngati katundu wa neba kapena wa kasitomala wawonongeka, pepesani monga munthu koma musasayine pepala lovomera mlandu kapena kulonjeza ndalama, auzeni kuti nkhani ili ku inshuwalansi ndipo makalata awo onse muziwapereka kumeneko.

Pa claim form lembani zimene zatayikadi. Chiyeso chimakhalapo choti muonjezere gilayinda imodzi imene munagulitsa chaka chatha, poti ndani adziwe. Assessor ntchito yake ndi imeneyo, amawerenga mabwinja, amafunsa aneba, ndipo akapeza chinyengo pa chinthu chimodzi policy imawalola kukana zonse. Apa ndi pamene kope ndi zithunzi zija zimagwira ntchito, munthu amene wabwera ndi serial number sakangana naye nthawi yaitali.

Akakupatsani ndalama imene akufuna kulipira, pemphani akuonetseni mmene awerengera. Discharge form mukasayina ndiye kuti mwavomera kuti nkhani yatha, ndiye werengani kaye. Ngati simukugwirizana nazo kapena akungokuzungulitsani, lembani dandaulo ku kampani komweko, musunge kope lake. Zikakanika pitani nalo kwa Registrar of Financial Institutions, ali ndi gawo loona madandaulo a makasitomala, ndipo Reserve Bank ili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu komwe mungafunse njira yake.

Chaka chikamatha, ndi pakati pa chaka pomwe

Ma policy amenewa ndi a miyezi 12. Lembani deti lothera pakhoma la shedi ndi mu foni, ndipo kutatsala mwezi tsegulani kope lija muonenso mitengo, muchotse zimene munagulitsa, muonjezere zatsopano, mukonzenso malipiro a anyamata ngati akwera. Osangolipira ndalama ya chaka chatha pa mitengo ya chaka chatha, average uja akudikirani pomwepo.

Ndipo zina musadikire kutha kwa chaka. Mwagula mashini atsopano, auzeni sabata yomweyo alembe. Mwayamba kupopera penti pamene kale mumangopala matabwa, auzeni. Mwalemba anyamata ena awiri chifukwa cha oda yaikulu, auzeni. Mwasamuka kuchoka ku Chibavi kupita ku Luwinga, auzeni musanakweze katundu pa lole, chifukwa policy imateteza malo amene alembedwa pa schedule okha, ndipo mufunse pepala la endorsement losonyeza malo atsopanowo.